Maliro Ndi Lamulungu Basi

Mlongo wanga Edmore anayambira pa sikelo. Ndimatsindika zimenezi chifukwa masiku ano akamafotokoza mbiri yake amayambira pa satifiketi, ngati kuti anabadwa atamanga kale tayi. Bodza. Anabadwira m'nyumba ya chipinda chimodzi mukomboni ya esiteti ya tiyi kuno ku Honde, ndipo ine Enia, mlongo wake wamkulu, ndi amene ndinkamupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje. Atamaliza Fomu 4 anamulemba ukalaliki. Ife tikabwera ndi madengu a tiyi amene tathyola, iye ankawakoloweka pa sikelo n'kulemba kulemera kwake. Mutu anali nawo, pamenepo sindingamunamizire.

Kuchoka pa sikelo anapita ku ofesi yoona za antchito, imene ife timangoti kwa Pasoneli. Poyamba ankasunga mafayilo ndi kumasulira azungu akamazenga milandu ya anthu ojomba. Anaphunzira maphunziro a papositi, nakhala wachiwiri kwa Pasoneli, kenako Pasoneli weniweni wa esiteti yonse, wa njinga yamoto ndi nyumba ya kumtunda ya mpanda wa maluwa. Tinavina tsiku limenelo. Amayi analulutira mpaka mawu anasasa. Koma pamene ankakwera, Chinyanja chinayamba kumuwawa m'kamwa. Ankatilankhula Chishona chothira Chingerezi, ndipo mukomboni ankadutsa mothamanga ngati munthu amene akudutsa pafupi ndi chimbudzi.

Ife tilibe kumudzi. Makolo athu anachoka ku Thyolo ali achinyamata ndipo sanabwererenso. Anzathu a Chimanyika akamwalira amanyamulidwa kupita kumusha kwawo, koma ife zitupa zathu zimati ndife alendo, ngakhale michombo yathu inagwera pompano. Dothi lokhalo limene silitifunsa chitupa ndi manda a kampani, kuseri kwa nkhalango ya bulugamu. Ababa anagona kumeneko kalekale. Amayi, a Miriamu, akapita kukalambula manda awo ankalambulanso kamalo kopanda kanthu pambali pake. "Apa m'panga," ankatero kwa aliyense. China chilichonse sanapemphepo kwa ana awo, ngakhale kwa mwana wa njinga yamoto uja.

Kwathu munthu sakumba manda a m'bale wake. Amakumba ndi adzukulu, amuna a mukomboni amene amatenga makasu akangomva kulira, popanda wowatuma ndi wowalipira. Mkulu wawo anali a Inacio, nkhalamba ya ku Milange yogwira ntchito yopala nazale. Kumbali ya akazi, wosambitsa mitembo anali Amayi. Palibe nyumba mukomboni imene Amayi sanalowemo ndi beseni ndi kansalu.

Cha m'ma 2001 matenda aja anatilowa ngati moto wa m'tchire. Maliro lero, maliro mawa. Adzukulu ankakhala kumanda, akazi kusiwa, tiyi n'kumakhwima m'munda wopanda womuthyola. Eni kampani anadandaula, ndipo Edmore, mwana wanzeru, anawapezera mankhwala. Tsiku lina pa foleni ya m'mawa, antchito tonse titafola kuti atiitane mayina, anakwera pa ngolo ya thalakitala n'kulengeza: kuyambira lero maliro ndi Lamulungu basi. Womwalira pakati pa sabata adikire ku mochale, thalakitala idzamutenga Loweruka. Ngakhale kukumba madzulo mutaweruka n'koletsedwa, chifukwa wokumba madzulo amadzuka wotopa. Wophwanya lamuloli ntchito yamuthera, ndipo ntchito ikatha nyumba ya kampani nayo yatha.

Amayi anakwera phiri kupita kunyumba yake ya maluwa. "Mwananga," anatero, "maliro n'kulirana. Wayamba liti kuuza akufa tsiku lofera?"

"Mhai, hamunzwisisi," iye anayankha m'Chishona, kunena kuti Amayi sakumvetsa. "Kampani ikagwa tidya chiyani? Tidzaikana tonse ndi njala."

Ndisaname, m'mawu akewo munali choonadi pang'ono, ndipo chimenecho n'chimene chimandiwawa. Tiyi anathyoledwa, fakitale sinaime. Lamulo lija linamunyamula Edmore ngati kamvuluvulu. Anamupatsa maesiteti onse a kuno ndi a ku Chipinge, ndipo analitenga lamulo lake kukalidzala kumenekonso. Anasamukira ku Mutare. Pofika 2008 anali wogwirizira mpando wa Dayirekitala woona za antchito a kampani yonse, akudikira kuti akuluakulu amutsimikize.

Koma pofika 2008 dziko linali litasanduka lina. Malipiro anali mapepala oyatsira moto, tinkagwirira ntchito ufa umene kampani inkagawa. Magetsi ankabwera ngati mlendo, dizilo wa thalakitala kunalibe, kumochale kunalibenso chifukwa chopitirako. Anthu ankadikira Lamulungu ali m'nyumba zawo zomwe, atagonekedwa pa mchenga wonyowa, atafunditsidwa masaka oviika m'madzi. Zonse zinasintha, lamulo lokha linakhala chilili. Mwana wa wantchito mnzathu Joao atamwalira ndi kutsegula m'mimba, Joao ndi anzake anamuika mawa lake lomwe, chifukwa nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi ndipo munali ana ena. Nkhani inafika ku Mutare, Edmore anavomereza kuti achotsedwe onse amene anagwira khasu. Mkazi wa Joao, Letwin, ndinamuona pamsika wa ku Hauna akugulitsa matimati, katundu wawo yense ali pakhonde la sitolo.

Amayi anamwalira Lolemba, mu Okutobala, mwezi umene Honde amatentha ngati mu uvuni. Anangoti akumva chifuwa kulemera, nagona pamphasa. Pamene ndinkabwera ndi madzi anali atapita.

Edmore anafika chakumasana pa galimoto ya kampani. Analira, zimenezo ndinaona ndi maso anga. Anagwada pakhomo la siwa ndi thalauza lake lodula, mapewa akugwedezeka. Atapukuta misozi anaitanitsa a Inacio, ndipo anakumana pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba. Ine ndinakhala pakhomo kuti ndimve.

"Madala," anatero Edmore, Chinyanja chitamubwerera mwadzidzidzi, "ndikupereka chilolezo chapadera. Sankhani amuna oti akumbe mawa. Tsiku lawo lilembedwa kuti agwira ntchito, ndipo aliyense alandira ufa woonjezera."

A Inacio anafwenkha fodya wawo osafulumira. "Chilolezo chapadera. Cha ndani?"

"Cha Amayi."

"Nanga mwana wa Joao analibe amake?"

Edmore anakonza tayi yake.

"Tamvera, mwana wa Miriamu," anapitiriza a Inacio. "Adzukulu salembedwa ganyu. Ukatilamula ngati antchito ako tikumbira dzenje, monga timakumbira zimbudzi za kampani, koma amenewo sakhala manda. Ukufuna manda? Mawa pa foleni ukwere pa ngolo paja, unene kuti lamulo latha kwa aliyense, Joao ndi anzake abwerere m'nyumba zawo. Dzuwa lisanafike pamutu tikhala tamaliza. Pronto."

"Hazviite," Edmore anatero. "Sizingatheke. Lamulo limenelo lili m'maesiteti onse. Ndikalichotsa sabata imene kwafa mayi anga, akuluakulu andiona bwanji?"

"Ndiye Lamulungu, bwana," anatero a Inacio, nadzuka.

Ndinamutsatira Edmore mpaka pagalimoto. "Iwe," ndinatero, "ukumva kutenthaku? Amayi sangafike Lamulungu. Pakamwa pako pomwepo ndi pamene panatuluka lamuloli, palibe mzungu amene anakulembera. Limeze."

"Sisi, inu mukuganiza kuti n'zophweka. Mpando uwu ndaukwerera zaka zonsezi. Anthu akudikira kuti ndiphonye phazi, anene kuti mubhurandaya, mwana wa alendo ngati ine, sangayendetse kampani."

"Ndiye Amayi awole kuti anthu asakunene?"

Anatseka chitseko cha galimoto. Sanagone kumaliro ndi amuna anzake monga achitira mwana wa womwalira. Anakagona kunyumba ya alendo ya mabwana, kumene kuli jenereta.

Madzulo omwewo anthu ataweruka ndinaona amuna akudutsa kuseri kwa nyumba mmodzimmodzi, makasu atawabisa m'masaka. A Inacio anaima pawindo la siwa n'kundiitana chapansipansi. "Enia, zimene ndinanena zija ndinkanenera mlongo wako. Koma Miriamu anasambitsa akazi athu ndi ana athu, sitingamusiye anunkhe. Dothi ndi louma, lili ndi miyala, ndipo tikukumba kanthawi kochepa kokha dzuwa lisanalowe. Lachitatu tikaweruka tidzamuika pambali pa mwamuna wake."

"Akuchotsani ntchito," ndinatero.

"Atichotse. Tidzaone ngati adzathyole tiyi ndi tayi."

Lachiwiri linali tsiku loipa. Akazi a Mvano ankasinthana kuthira madzi pa masaka, wina akukupiza ntchentche ndi nthambi. Tinkafukiza masamba a bulugamu pakhomo. Nyimbo zinkaimbidwa, koma aliyense ankaimba atayang'ana kuwindo. Amayi anali munthu waukhondo, wosalola ngakhale kapu kugona yosatsuka, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwawo. Ndinakwiya kwambiri. Edmore anabwera masana, analowa, ndipo sanakhalitse. Potuluka anali atagwira mpango pamphuno, maso ali psuu.

Lachitatu m'mawa, anthu onse atapita kumunda, mukomboni munatsala ife akusiwa, nkhalamba ndi tiana. Ndinamva magalimoto awiri. Kutsogolo kunali ya Edmore, kumbuyo yoyera ya kampani yoika maliro ya ku Mutare, yonyamula bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide. Alonda awiri a esiteti anatsika nawo, akuyang'ana pansi chifukwa onse anali ana a mukomboni momwemo.

"Sisi, konzekani," anatero Edmore. "Ndapeza malo ku Mutare, manda abwino, a mpanda. Kuli mochale ya jenereta. Amayi aikidwa mwaulemu mawa, abusa ndawapeza kale."

"Ku Mutare kuli ndani wawo?"

"Kuli ine."

"Iwe?" Ndinaseka, kuseka koipa kumene sindinakudziwe. "Malo awo ukuwadziwa. Anakuonetsa iwe, anandionetsa ine, anaonetsa ngakhale mbuzi zodutsa."

"Sangadikire Lamulungu. Munanena nokha."

Pamenepo ndinaganiza kuti ndili ndi mawu oti amumasule. "Sadikira Lamulungu," ndinatero. "Manda akumbidwa kale, afika m'chifuwa. Adzukulu akhala akukumba akaweruka. Lero madzulo amaliza, lero lomwe Amayi agona pambali pa Ababa. Iwe palibe chimene uchite. Ungokhala pansi ngati mwana wamasiye, ulire, basi."

Ndinkayembekeza kuti nkhope yake imasuka. Inauma.

"Akumba? Ndani wawauza?"

"Palibe. Ndiwo adzukulu."

Anayenda uku ndi uku, akupukuta thukuta m'khosi. "Mukudziwa chimene mwachita? Amayi akaikidwa muno lero, mawa nkhani ili ku Chipinge, mkuja ili pa tebulo la akuluakulu. Ndidzayenera kusankha. Kapena ndichotse ntchito aliyense amene wagwira khasu, monga ndinachitira ndi Joao, kapena dziko lonse lidziwe kuti lamulo la Edmore limagwira ana a anzake okha. Mukufuna ndichotse a Inacio? Mukufuna mabanja onsewo akagone pakhonde ku Hauna?"

"Pali njira yachitatu, ndipo a Inacio anakuuza."

"Njira imeneyo kulibe."

"Ilipo, koma ikudutsa pampando wako."

Anakodola anyamata a galimoto yoyera.

Ndinaima pakhomo n'kutambasula manja, kugwira mafelemu onse awiri. Ndinamutukwana mlongo wanga ndi mawu amene sindingawabwereze, pamaso pa akazi a Mvano, pamutu pa mtembo wa Amayi. Ndinamuuza kuti ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Ndinamukumbutsa amene ankathyola tiyi mvula ili pamsana kuti iye akhale m'kalasi. Iye anangoima, akuyang'ana pamwamba pa mutu wanga, nkhope ya ku ofesi ija imene ankavala pouza munthu kuti ntchito yatha. Kenako anauza alonda kuti andichotse.

Sanandimenye. Mmodzi ankangoti, "Pepani, mhai, pepani," uku akumasula zala zanga chimodzichimodzi. Akazi achikulire analira mokuwa, koma amuna amene akanatsekereza khomo anali kutali, m'mizere ya tiyi, kumene lamulo linawaika. Anawanyamula Amayi ndi masaka awo onyowa, nawaika m'bokosi lokongola lija. Linawakwana bwino.

"Kwerani, sisi," anatero Edmore atatsegula chitseko cha galimoto yake. Mawu ake anali ofewa tsopano. "Musaphonye maliro a Amayi chifukwa cha mkwiyo."

Ndinayang'ana galimoto yoyerayo, ndinayang'ana njira yopita ku bulugamu. Mtima unagawikana, chifukwa mwana wamkazi sasiya mayi ake kupita okha. Koma ndinadziwa kuti ndikakwera ndiye kuti ndavomereza, ndipo madzulo amuna aja akabwera ndi dothi m'miyendo sadzapeza ngakhale mmodzi wa m'banja woti awauze zikomo.

"Pita," ndinatero. "Ukawauze wekha chifukwa chake."

Fumbi lawo linatenga nthawi kuti likhazikike. Ndinalowa m'nyumba, ndinakolopa mchenga wonyowa uja n'kukautaya kuseri. Mwezi wotsatira Edmore anamutsimikiza pa udayirekitala, ndipo palibe mdzukulu amene anachotsedwa ntchito, poti ku ofesi anati m'manda a kampani simunaikidwe munthu aliyense tsiku limenelo. Ndikumva kuti mpaka lero amanena kuti anapulumutsa mabanja ambiri. Mwina amakhulupiriradi.

Madzulo a Lachitatu lomwelo adzukulu anabwera molunjika kuchokera kumunda, osabisanso makasu. Anapeza chitseko chili pululu. Nditawafotokozera palibe amene anatukwana. Ena anakhala pansi pomwepo, wina anavula chipewa n'kumachipinda m'manja.

"Manda okumbidwa sasiyidwa kukamwa," anatero a Inacio. "Ukawasiya amaitana munthu wina. Ndipo sakwiriridwa opanda kanthu. Kadulani thunthu la nthochi."

Umenewo ndiwo mwambo wathu mtembo ukasowa. Ena anatsogola kukamaliza dzenje, ena anadula thunthu lalitali ngati munthu kudimba la kumtsinje, nabwera nalo pamapewa. Akazi anandiyang'ana, ndipo ndinamvetsa kuti ntchito ya Amayi yagwera ine. Ndinalipukuta ndi kansalu kawo, ndinaliveka bulauzi yawo yoyera ya Mvano, n'kulikulunga m'chitenje ndi mphasa imene anafera. Linali lozizira ndi lolemera, likutuluka madzi podulidwa paja.

Komboni yonse inatsatira, ngakhale Letwin amene anamva uthenga ku Hauna n'kuyenda wapansi. Tinaimba nyimbo zonse zimene timaimbira munthu. Kumanda ndinaona ntchito imene amuna aja anagwira ndi mimba zanjala: dzenje lakuya, m'mbali mosalala, pansi pake atabooleza kachipinda kam'mbali kogonekamo thupi kuti dothi lisaligwere, koyang'ana kumene kuli Ababa. Miyala imene anafukula anaiunjika bwinobwino pambali. Awiri anatsikira m'dzenjemo, nalandira mtolo uja mosamala ngati ungamve kuwawa, n'kuulowetsa m'kachipindamo.

Asanagwetse dothi, a Inacio ananditembenukira. "Enia, munthu sagonekedwa mnzake pambali osauzidwa. Mwana wamwamuna palibe. Gwada uwauze bambo ako."

Ndinagwada pa manda a Ababa. Dothi linali likadali lotentha ndi dzuwa la tsikulo. Ndinafuna kunena zimene zimanenedwa, kuti Ababa, landirani akazi anu, afika. Anthu onse ankadikira mawu amenewo, ndipo palibe akanandidzudzula. Koma Ababa sindinawanamizepo ali moyo.

"Ababa," ndinatero, "ndine Enia. Amene tikugoneka apawa si Amayi. Amayi amwalira Lolemba, koma mwana wanu wawatenga. Sabwera."

A Inacio anaweramitsa mutu, napereka chizindikiro, ndipo makasu anayamba kukwirira.